Kaseti ya Siebe

Mlamu wanga Wietske ndi munthu woti ukamupatsa chinthu chakufa, sapuma mpaka chidzuke. Ndikunena zimene ndikuzidziwa, chifukwa ndinakwatiwa ndi mchimwene wake, komanso phukusi lililonse limene ankatumiza linkadutsa m'manja mwangamu. Ine ndine Aukje. Ndili ndi kashopu ka nyuzipepala, fodya ndi maswiti kuseri kwa siteshoni ya sitima kuno ku Leeuwarden, ndipo anthu amasiya ndi kutengera maphukusi awo pomwepo.

Luso limeneli analitengera kwa apongozi anga, a Douwe, amene moyo wawo wonse anathera kukonza mawailesi ndi ma TV. Wietske anakulira pansi pa tebulo lawo akutola timawaya. Anzake akuphunzira kudzola milomo, iye n'kuti akuwotcherera kale. Ndiye sitiroko itawagwetsa madalawo n'kuwaumitsa mbali imodzi, panalibenso zokambirana. Mwamuna wanga ndi wa pamsewu, amayendetsa thiraki, kunyumba amangobwera kudzasintha masokosi. Wietske anasiya ntchito ku fakitale ya mkaka n'kubwerera kwa bambo ake, n'kuyamba kugulitsa magemu akale pa msika wa pa intaneti kuti azipeza chakudya osachoka pakhomo.

Ndikati magemu akale ndikunena aja a m'makaseti apulasitiki, amene tili ana tinkawauzira mpweya akakana kugwira. Ana aja lero ndi azibambo a dazi, ndalama ali nazo, ndipo amalira ubwana wawo. Wietske ankawasakira makasetiwo m'mashopu a zakale, ndi pa Tsiku la Mfumu pamene tauni yonse imayala zakutha m'mbali mwa msewu.

Kagwiridwe kake ka ntchito sikankasintha ngakhale kugwe chiyani. Kaseti ikabwera, aipukuta, aiyesa, ndipo poiyesapo ajambula kanema akusewera pang'ono, kuti wina akadzati sikugwira, umboni ulipo. Ajambulanso chithunzi cha pa sikirini n'kuika pamsika. Wogula akapezeka, atsegula kasetiyo, adontheza kadontho ka utoto wofiira wa zikhadabo m'kati kuti adzaizindikire ikabwezedwa, kenako achotsa kabatire kakale n'kuwotcherera katsopano. Kabatire kameneko ndi kamene kamasunga pamene wosewera anafika. Ukangokachotsa, zonse za mwini wake wakale zimafufutika. Koma ndani amalira zimenezo? Wogula amafuna kuyamba zakezake. Wietske ankachita zimenezi ulere, ndipo ankanyadira nazo. Pansi pa malonda ake onse pankalembedwa kuti makaseti ake amapita ndi batire latsopano.

Koma abale, ogula a pa intaneti ndi mtundu wina wa anthu. Wina anagula kaseti yeniyeni n'kubweza yabodza, amvekere ndi imene anamutumizira. Wina anati phukusi silinafike, chonsecho ndinaliona ndi maso angawa likukwera galimoto. Onsewo anakadandaula kwa eni msika, ndipo eni msika, monga mwa chizolowezi chawo, anakhulupirira wogula. Anamulanda Wietske ndalama n'kubwezera akubawo, kenako anamutumizira chenjezo lakuti akangoluza mlandu wina, shopu yake aitseka mpaka kalekale. Kuyambira pamenepo foni ikangolira, mlamu wanga ankadzidzimuka ngati waponda moto. Shopu imeneyo ndi imene inkamulola kukhala pafupi ndi bambo ake. Popanda iyo, iye akanabwerera ku fakitale, madalawo akanapita kosungira okalamba.

Tsiku lina anabwera ndi kaphukusi, nkhope ili ndwii.

"Alamu, munamuonapo munthu wa kuno akugula chinthu osanenerera?"

"Wa kuno? Ngakhale bokosi lamaliro amanenerera," ndinatero. "Chachitika n'chiyani?"

"Kagemu ka famu, kachabechabe. Ndangoika pamsika, tiyi asanazizire n'komwe wina walipira kale. Osafunsa kanthu, osati moni."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Ndalama yakuluma?"

Anaseka, koma kuseka kwa pamwamba. Phukusilo linapita ku malo otengera maphukusi a ku Groningen, dzina longolembedwa kuti R. Hoekstra.

Sabata isanathe Wietske anabweranso, njinga n'kungoiponya pakhomo. Anandiloza ndi foni kumaso. Wogula uja anali atatsegula mlandu. Mawu ake anali ochepa: "Si imene inali pachithunzi. Mwandinamiza."

"Ndi uja wa kale wasintha dzina," ndinatero, magazi atandikwera. "Akufuna akubwezere yabodza. Muyankhe zolimba, asakuone ngati mwana."

Ndipo anamuyankhadi zolimba, ine ndikumuthandiza mawu. Tinati kaseti inayesedwa, ikugwira, ndipo masewera a kusinthanitsa katundu tikuwadziwa bwino. Munthuyo sanayankhe. Anangodina batani lopereka mlandu kwa oweruza a msika, ndipo iwo anauza Wietske kuti atumize umboni wake.

Masiku amenewo mlamu wanga sankadya. Ndinapitako Lamlungu ndi msuzi wa nsawawa, ndinamupeza akuwameta ndevu a Douwe. Madalawo salankhula bwinobwino, koma maso awo amaona zonse. Anamugwira mkono ndi dzanja lamoyo lija osamusiya.

Lachiwiri masana kunkagwa kamvula kathu kosatha kaja. M'shopu munalibe munthu. Chitseko chinalira, n'kulowa chibambo chachitali, chamapewa, chikhoti chili chonyoweratu. Sanayang'ane nyuzipepala kapena fodya.

"Mayi, shopu ya magemu ija ndi ino?"

Wietske amalemba adiresi ya shopu yanga pa maphukusi ake, kuti amisala a pa intaneti asadziwe kumene amagona. Lero wamisala anali atandipeza ine.

"Muno ndi mwa nyuzipepala, bambo. Mukufuna iti?"

Anatulutsa kaseti m'thumba n'kuiika pakauntala. Dzanja lake linali ngati fosholo.

"Muitaneni. Sindichoka."

Ndinayang'ana ndodo imene ndimakokera chitseko chachitsulo, ndinayang'ana munthuyo, ndinaona kuti ndodoyo ingangomukwiyitsa. Ndinaimba foni. Ndinkafuna kumuuza Wietske kuti asabwere, koma iye atangomva, anati awagoneke kaye bambo, akubwera.

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Munthuyo anangoima, madzi akudontha pansi pangapo. Kunalowa mayi wina kudzagula masitampa, atamuona anatuluka chenji osawerenga.

Wietske analowa tsitsi lili nyowe, kasikuludiraiva kake kali m'manja. Sanapereke moni.

"Ndinu a Hoekstra? Bweretsani tione chimene mwandibweretsera."

"Chimene munanditumizira."

"Tiona."

Anatsegula kasetiyo pakauntala pomwepo, ine nditasuzumira paphewa pake. Ndinali wokonzeka kukuwa kuti wakuba. Koma kadontho kofiira kanali pomwepo, ndi kabatire katsopano kakunyezimira pambali pake. Kaseti inali yake yomwe ija.

"Ndiye vuto n'chiyani?" Wietske anafunsa, mawu atatsika. "Sikugwira?"

"Ikugwira."

"Nanga mukufuna kundiphera chiyani shopu yanga, bambo inu? Ndinakulakwirani chiyani? Ndakuikiraninso batire latsopano, ulere!"

"Ndani anakutumani?"

Bamboyo anakuwa mpaka mabotolo a maswiti ananjenjemera. Kenako anatulutsa foni yake n'kutionetsa chithunzi chimene Wietske anaika pamsika. Pa sikirini ya gemuyo pankaoneka dzina la amene ankasewera kale, zilembo zikuluzikulu: SIEBE.

"Ndinagula ichi," anatero, chala chili pa dzinalo. "Pulasitiki ndilibe nayo ntchito. Ndayatsa, mulibe kanthu. Mwayera ngati m'mbale yotsuka."

Anatifotokozera ataima pomwepo, mawu akudukaduka. Siebe anali mng'ono wake. Anamwalira ali mnyamata, madzi oundana a pa ngalande amene ankayendapo atasweka, iye n'kumira. Mayi awo anasunga chipinda chake zaka zonsezi osasuntha ngakhale sokosi. Chaka chatha mayiwo atapita kosungira okalamba, iyeyo ndi amene anakonza m'nyumba, ndipo chifukwa cha changu ndi kuwawa kwa mtima, anangonyamula makatoni a m'chipindamo osatsegula n'kukasiya ku shopu ya zakale. Tsopano mayiwo mutu unayamba kubwerera m'mbuyo. Tsiku lililonse ankafunsa za famu ya Siebe, ija ankawaonetsa akabwera kusukulu. Iye anakhala miyezi akufufuza zithunzi za ogulitsa mmodzimmodzi, mpaka anaona dzinalo.

"Madokotala atiuza kuti tiitane abale," anatero. "Ndinawalonjeza mayi kuti ndibwera nayo. Ndinawauza ndisanayatse, chitsiru ine."

"Koma zinalembedwa pansi paja kuti batire..." ndinayamba ine.

"Ndingadziwe bwanji kuti batire latsopano ndiye kuti kufufuta? Ine ndimayendetsa mathirakitala, mayi. Dzina langa ndi Roelof Hoekstra, sindinabepo chinthu cha munthu, ndipo inu munandilembera ngati mbava."

Atangotchula dzina lakuti Roelof, ndinaona Wietske akugwira kauntala. Nkhope inamuyera ngati pepala.

"Ndalama zanu sindikuzifuna," bamboyo anatero. "Ndinadina batani limenelo chifukwa palibe batani la chimene mwandichita. Ngati akutsekereni, akutsekereni."

Anasiya kaseti ili chitsegukire, n'kutuluka kuthamangira sitima.

Ine mantha atatha, nzeru zinabwerera. Ndinamuuza Wietske kuti chisoni chilipo, inde, koma mlandu wawina. Munthuyo wavomera yekha kuti kaseti ikugwira. Atumize kwa oweruza mawu aja a batire latsopano, basi, nkhani yatha.

"Nkhumba," anatero Wietske.

"Wati chiyani? Ukumunena munthu woferedwa?"

"Ayi alamu. M'famu muja munali nkhumba. Dzina lake Roelof."

Anakhala pa katoni ya nyuzipepala n'kundiuza. Poyesa kaseti ija anajambula kanema monga mwa nthawi zonse. Analowa m'famu ya Siebe n'kuyendayendamo. Mwanayo anali atapatsa mayina ziweto zonse. Ng'ombe inali Mama, nkhuku zinali ndi mayina a anzake, ndipo nkhumba yonenepa ya pakona inali Roelof. Kanemayo anali pa kompyuta kunyumba.

"Chabwino," ndinatero. "Mlandu ukatha udzamupatse."

"Mayi ake sadikira mlandu."

"Ndiye muimbire foni."

"Nambala ndiitenga kuti? Msika umabisa. Adiresi ndi ya kotengera maphukusi. Njira ndi imodzi yokha, kumulembera pa mlandu pomwepo."

Apa ndiye ndinamvetsa. Chilichonse cholembedwa pa mlandu oweruza amachiona. Kanemayo ankaonetsa poyera kuti pamene ankaika malonda, m'kasetimo munali famu yonse, ndipo imene anatumiza inali yopanda kanthu. Wogula anati si imene inali pachithunzi. Wietske akanakhala akuwapatsa yekha chingwe chomumangira.

"Iwe, wapenga?" ndinakuwa. "Ukudziwa chimene ukunena? Shopu ipita! Bambo ako uwapititsa kuti? Ukuganiza mchimwene wako asiya thiraki? Kabatire kaja kanali kokalamba, kakanafa kokha mawa kapena mkuja. Sunalakwe kanthu!"

"Kanadikira zaka zonsezi, alamu. Kanafera m'manja mwanga."

"Chifundo chinapha nkhwali, mwana iwe. Munthu amene uja wanena yekha kuti akutsekere!"

"Ndikanangofunsa," anatero. "Dzina ndinaliona, ndinasekanso nkhumba ija. Kufunsa kokha kuti bambo, zakalezi ndisiye kapena ndichotse? Sindinafunsepo munthu ngakhale mmodzi. Ndimangoti ndikuwachitira zabwino."

Ndinatseka shopu dzuwa likanalipo, chinthu chimene sindinachitepo, n'kumutsatira pa njinga mvula ikutimenya, ndikumulalatira njira yonse. Ndinamuuza kuti tikwere sitima tikamusake ku Groningen. Anandifunsa kuti tikayambira nyumba iti ya okalamba, ndipo bambo atsala ndi ndani. Ndinati tilembe kaye kuti atipatse nambala. Anati analemba kale kambirimbiri chitsegulireni mlandu, munthuyo sayankha, ndipo pambuyo pa mawu athu aja sangatikhulupirire popanda kuona.

Kunyumba anayatsa kompyuta pa tebulo lakale la a Douwe. Madalawo anali atadzuka, ali pa mpando wawo wa matayala. Wietske anawafotokozera zonse, pang'onopang'ono, osabisa za shopu kapena za kosungira okalamba. Ine ndinkayembekeza kuti amuletsa. Koma madalawo anangokweza dzanja lamoyo lija n'kuloza kompyuta.

Tinaonera kanemayo tonse. Kanali kafupi, kosakwana nthawi yowiritsa dzira. Kamunthu kachipewa kakuyenda pakati pa mizere ya kabichi, kakulowa m'khola. Ndiye mawu a Wietske akumveka kumbuyo, akuseka: "Iwe Siebe iwe, Roelof anakulakwira chiyani kuti akhale nkhumba?" Kenako kanema n'kutha.

Analemba kuti, "Pepani bambo. Kulakwa ndi kwanga. Chatsala ndi ichi." Ndinamugwira phewa, ndinati alamu ganiza kawiri. Anadina.

Oweruza sanachedwe. Pa milandu ya akuba aja anatenga nthawi ngati akudikira Khirisimasi, koma apa anathamanga. Analemba kuti malinga ndi umboni umene wogulitsa wapereka yekha, katundu anasiyana ndi amene anaonetsedwa. M'mawa mwake shopu ya Wietske kunalibe. Nyenyezi zonse zimene ogula anamupatsa zaka zonsezo, mayamiko onse, zinafufutika ngati famu ija. Analembera kudandaula, anamuyankha ndi makina. Ine ndinalira ndi ukali, ndipo sindibisa, Roelof Hoekstra ndinamutukwana mumtima masiku ambiri.

Anabweranso masamba atayamba kugwa, atavala jekete lakuda. Ulendo uno anachotsa chipewa polowa.

"Mayi, ndimafuna mwini magemu uja."

"Mwamutsekera kale, mukufunanso chiyani? Impso?"

Anaweramitsa mutu. Anati kanemayo anamuona ali m'sitima tsiku lomwe lija, ndipo anafika naye kwa mayi ake akadali maso. Mayiwo anaonera kambirimbiri, foni ili pachifuwa. Akafika pa nkhumba paja ankaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Anakwiya chifukwa unamudyera chokoleti chake." Anamwalira kumapeto kwa sabata yomweyo. Za mlandu iye anazikumbukira maliro atatha. Pofuna kuuchotsa anapeza batani kulibe. Analembera eni msika, nayenso anamuyankha ndi makina.

Ndinkafuna kumuuza zambiri, koma ndinangomulozera njira ya ku msika wa Loweruka.

Kumeneko ndi kumene Wietske ali tsopano, pakati pa wogulitsa tchizi ndi wa masokosi, ndi katebulo ka makaseti pansi pa lona. Sizikwana. M'kati mwa sabata anabwerera ku fakitale ya mkaka, ndipo a Douwe anapita kosungira okalamba kuja ankakuopa. Amakawaona akaweruka, amakawameta yekha, salola anamwino. Roelof amabwera Loweruka lina n'kugula kagemu kamene aliyense akuona kuti sadzasewera, osanenerera. Wietske amamulipiritsa mtengo wake weniweni, amvekere sakufuna zachifundo. Ndipo aliyense wogula kaseti yokhala ndi dzina la munthu m'kati, amayamba wamufunsa kuti asiye kapena achotse. Ambiri amangodabwa.

Loweruka lina kukuzizira koopsa ndinamupititsira khofi. Zala zake zinali zitauma, akulephera kutsegula kathumba ka chenji. Zinandipweteka mumtima, ndipo ine pakamwa sindimanga.

"Tanena zoona, alamu. Bambo ali kuja, iwe ukuuma pano ngati nsomba. Sumadandaula?"

Anagwira kapu ndi manja onse awiri, akuyang'ana anthu odutsa.

"Ndimadandaula tsiku lililonse," anatero. "Kuseri kwa khola kuja kunali kanyumba, sindinalowemo. Ndinkathamangira kuyesa kaseti ina. Ndikanajambula nthawi yaitali."